Maso a Nkhono Pansi pa Boneti

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anayamba kunena mawuwa anali atakayang'anitsitsa kanyamako. Nkhono ya kumtunda, ija imatuluka mvula zoyamba zikagwa n'kumakwawa m'mipanda ya ku Namiwawa ndi m'madimba a ku Chigumula, ili ndi tinyanga tinayi, ndipo maso ake amakhala kunsonga kwa tiwiri titalititali. Munthu akangoikhudza, kapena kugwedeza tsamba limene yakhalapo, tinyanga tija timalowa m'kati, maso n'kusowa. Kuigogoda sikuthandiza, kuitembenuza ndiye kuonjeza vuto. Wofuna kuwaona amakhala pansi phee mpaka nkhonoyo itaiwala kuti pafupi pali munthu.

Nyengo yotentha ikafika mu Blantyre, kuyambira kumapeto kwa Sepitembala mpaka mvula itakhazikika, m'galimoto zambiri mumabuka nthenda ya khalidwe lomweli. Munthu amanyamuka ku Limbe masana, mawindo ali otseka, AC ikupemerera bwinobwino. Amatsika msewu wa Masauko Chipembere, kudutsa pa Chichiri, ndipo pofika pa Ginnery Corner, pamene galimoto zimayamba kuyenda motsimphina, mpweya wotuluka m'dashibodi umasanduka wofunda. Malaya amamata kumsana. Mawa lake m'mamawa amalawirira ku galaja, makaniko n'kuliza injini, kuika dzanja potulukira mpweya, n'kupeza kuzizira kochita kulasa zala.

"Bwana, ndiye vuto lili pati? Iyi ili bwinotu iyi."

"Achimwene, dzulo lomweli ndinapsa ndine m'menemu."

Onse awiri akunena zoona. Koma poti wina ali ndi changu chopita ku ntchito ndipo mnzakeyo sangabweze kasitomala chimanjamanja, nkhani imathera pa mawu awiri odziwika m'magalaja onse kuyambira ku Makata mpaka ku Bangwe: gasi watha. Botolo limabwera, paipi amalumikiza, ndalama imasintha manja. Pakatha masiku atatu, malo ake omwe aja, nthawi yake yomwe ija, mpweya wofunda uja wabwerera.

Gasi wa AC satha ngati petulo, chifukwa palibe chimene chimamuotcha. Ndi magalamu ochepa chabe, apakati pa 350 ndi 500 m'galimoto zing'onozing'ono monga Vitz, Passo, Demio ndi Fit, amene amangozungulira m'mapaipi otsekeka chaka ndi chaka. Kompuresa, yozunguzidwa ndi lamba wa injini, imamupanikiza mpaka atatentha. Akachoka apo amalowa mu kondensa, yokhala kutsogolo kwa radiyeta, m'mene mphepo imamulanda kutenthako n'kumusandutsa wamadzimadzi. Kenaka amadutsa pa kabowo kopapatiza zedi, puresha n'kutsika mwadzidzidzi, ndipo amakawira mu evaporator, yobisika kuseri kwa dashibodi. Gasi wa R134a, amene ali m'galimoto zambiri za pamsewu wa kuno, akasiyidwa osapanikizidwa amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro. Powirapo amamwa kutentha kwa mpweya umene fani ya m'kati ikukankhira kwa okwera. Kuzizira konse kumachokera pamenepo.

Tsono gasi amene anakwanira kuziziritsa 7 koloko m'mawa sangathe 1 koloko masana n'kudzabwereranso yekha usiku. AC ikasiya n'kuyambiranso yokha, kawirikawiri pali chimene chaizimitsa dala. Opanga galimoto anaikamo tizipangizo toteteza: kena kamadula magetsi a kompuresa puresha ikakwera mopyola muyezo, kena ikatsika kwambiri, kena evaporator ikayandikira kuundana, ndipo kompyuta ya injini nayo imazimitsa AC injini ikatentha kapena ikalemedwa. Funso la makaniko wodekha limakhala loti chazimitsa n'chiti, ndipo chinaona chiyani. Yankho lake limabisala mu nthawi ndi malo amene kuzizira kunathera. Mzinda wa Blantyre, ndi zitunda zake, mabampu ake ndi midipiti yake, uli ndi malo oyesera matenda onsewa.

Pali AC ina imene imasiya galimoto ikangoima. Pamsewu wotseguka, mphepo yobwera ndi liwiro imakwanira kuziziritsa kondensa. Koma pa mdipiti wa pa Clock Tower, kapena pafupi ndi msika wa Limbe 5 koloko madzulo, ntchito yonse imatsalira fani yamagetsi ya kuseri kwa radiyeta. Fani imene mabulashi a m'mota yake adyeka imadzuka lero, mawa n'kukana. Ikakana, kutentha kumaunjikana, puresha imakwera mpaka kuposa kakhumi ya mpweya wa m'tayala, ndipo kachipangizo koteteza kaja kamadula kompuresa kuti paipi ingaphulike. Msewu ukatseguka mphepo imabwerera, puresha n'kutsika, AC n'kudzuka, mwini galimoto n'kumati yadzikonza yokha. Nthawi zina fani imakhala ilibe mlandu, koma kondensa yatsekeka ndi fumbi la chilimwe, tiudzu, kajumbo kouluka pamsewu, kapena ngumbi zimene galimoto inawomba usiku wa mvula zoyamba. Madzi othira mofatsa amachotsa zonsezi, pomwe paipi yamphamvu ya kotsukitsa galimoto imapinda timapiko ta kondensa n'kutseka njira ya mphepo. AC ya vuto limeneli ikaonjezeredwa gasi, puresha imafulumira kufika podulira, ndipo imene inkasiya pa Ginnery Corner imayamba kusiyira pa Chichiri.

Ina imayamba bwino tsiku lililonse, n'kusiya injini ikatenthetsa, patatha mphindi 20 kapena 30, ndipo sibwerera mpaka galimoto itapuma. Apa amakaniko ozama amayang'ana kumaso kwa kompuresa, kumene kuli kilatchi ya maginito. Lamba amazunguza pulley nthawi zonse, koma kompuresa imagwira ntchito pokhapokha maginito atakoka kambale kachitsulo n'kukamata pa pulleypo. Pakati pa ziwirizi pali kampata kosakwana milimita imodzi, kawirikawiri pafupifupi theka lake. Kambale kakamata, kamadyeka pang'ono. Galimoto imene inayenda makilomita 100,000 ku Japan, n'kutsika sitima ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, n'kutha zaka zina zisanu pakati pa Machinjiri ndi m'tauni, kampata kake kakula. Kuonjezera apo, waya wa kopa wa m'maginitomo akatentha salola magetsi kudutsa mosavuta: kutentha kukakwera ndi madigiri 50, magetsi odutsamo amachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. M'mawa maginito amakwanitsa kukoka kambale kudumpha mpatawo. Masana mphamvu imaperewera pang'ono pokha, koma pang'onopo n'pokwanira.

Kayesedwe kake n'kachidule. AC itasiya, injini ikulira, makaniko amagunda kambale kaja pang'ono ndi chigwiriro chamtengo, atatalikitsa zala ndi malaya ku lamba. Kakangoti kha! n'kuyamba kuzungulira, mlandu watha. Mankhwala ake n'kuchotsa kawashala kamodzi kopyapyala kuseri kwa kambaleko kuti mpata ubwerere m'malo. Koma mayesowa amayankha pa nthawi yokhayo imene vuto lilipo. Galimoto yozizira ya 8 koloko m'mawa ingagundidwe tsiku lonse osaulula kanthu, ndipo makompuresa abwinobwino ambiri anachotsedwa n'kutayidwa kuseri kwa galaja chifukwa panalibe wodikira kuti injini itenthe.

Wachibale wa vuto limeneli ndi relay, kabokosi kakang'ono ka m'gulu la mafyuzi kamene kamatsegulira kilatchi magetsi. Timano take ta m'kati tikapsa, timagwira pozizira n'kutaya potentha. Eni ma Honda ambiri amakadziwa bwino. M'galimoto zambiri relay ya hutala imakhala yofanana ndi ya AC, choncho kungozisinthanitsa kumapereka yankho popanda kugula kanthu.

Ya paulendo wautali ili ndi nkhani yakeyake. Banja lanyamuka kupita ku Mwanza, ladutsa Lunzu ndi Lirangwe kukuzizira bwino, koma poyandikira Zalewa mphepo ya m'dashibodi yayamba kuchepa ngakhale fani ikumveka kulira mwamphamvu. Aima kugula zapamsewu, pobwerera n'kupeza chithaphwi chachikulu pansi pa galimoto, ndipo AC yayambiranso ngati sinalakwe. Chachitika n'choti evaporator inakutidwa ndi madzi oundana mpaka kutseka njira ya mpweya. Kachipangizo koyeza kuzizira kwake, koyenera kupumitsa kompuresa ziro isanakwane, kangakhale katafooka kapena kusuntha pamalo. Mwinanso fyuluta ya mpweya wa m'kati, yokhala kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala, yadzaza fumbi. Eni galimoto ambiri sadziwa n'komwe kuti fyulutayo ilipo, ndipo imakhala ili yomwe ija inachokera nayo ku Japan.

Kuundana kwina kumachitikira m'kati mwa paipi. Kadontho ka madzi kamene kanalowa mu gasi kamafika pa kabowo kopapatiza kaja n'kuuma gwa, njira n'kutsekeka. Mphepo imatulukabe yamphamvu, koma yofunda. AC ikazimitsidwa mphindi 10 kadonthoko kamasungunuka, zonse n'kubwerera mwakale, kudikira kuundananso. Madziwo sagwa kumwamba. Amalowa tsiku limene wina anathira gasi mothamanga, osayamba wapopa mpweya ndi chinyezi kuzitulutsa, kapena pamene mapaipi anasiyidwa pululu sabata yathunthu podikira sipeya. Mankhwala a chaka chatha ndiwo abala nthenda ya chaka chino. Kusiyanitsa kuundana kuwiriku kumangofuna funso limodzi kwa mwini galimoto: kodi mphepo inachepa, kapena inangofunda? Safunsa anadya phula, ndipo makaniko wosafunsa amamasula dashibodi yonse pofuna chinthu chimene chili kwina.

Si kusiya konse kumene kuli matenda. Wochokera ku Chikwawa, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 m'miyezi imeneyi, akaoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kuyamba kukwera zitunda za ku Thabwa kulowera ku Blantyre, wokhala mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, amaponda mafuta mpaka pansi. Ka Passo ka injini ya lita imodzi kalibe mphamvu zogawira kompuresa pa chitunda chotere, ndiye kompyuta imaipumitsa kwa kanthawi mpaka phazi litapepuka. Anaipanga motero. Chimodzimodzi galimoto zatsopanoko, monga Mira, Note ndi Demio zina, zimene zimathimitsa injini zokha zikaima pa maloboti pofuna kupulumutsa mafuta: injini ikaima kompuresa nayo yaima, ndipo pakapita kanthawi mpweya umafunda. Pali batani lozimitsira khalidwe limeneli, ndipo kulidina n'kwaulere.

Koma AC ikamasiya pa chitunda chilichonse, ngakhale cha ku Soche kapena cha ku Nyambadwe, n'kutenga nthawi kuti ibwerere, mpofunika kuchenjera. Kompyuta ingakhale ikuona injini ikutentha mopyola, n'kuyamba kuitula katundu. Galimoto zambiri zing'onozing'ono za ku Japan zilibe singano yoonetsa kutentha kwa injini, zili ndi kanyali kabuluu ndi kofiira basi, ndipo kofiirako kamayaka zinthu zitafika kale poipa. Pamenepa AC yosiyayo ndiye mnansi wotsina khutu. Radiyeta yotsekeka, madzi ochepa kapena pampu yotopa zikanyalanyazidwa, chotsatira ndi gasiketi yopsa, ndipo mtengo wake suyerekezeka ndi wa thukuta la masana.

Yotsala ndi ya mabampu, imene imathima ndi kuyaka galimoto ikamadumpha m'misewu ya m'kati mwa Ndirande, Chilomoni kapena Mbayani. Imeneyi ndi ya mawaya: pulagi yolowa mwatheka, waya wa earth wochita dzimbiri pamene anamangidwira ku bodi, kapena chingwe chimene khoswe anachitafuna n'kusiya timinga tiwiri tokha. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, madzi ndi matope zinasefukira ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena a mzindawu. Galimoto imene inamira m'madzi otere imatha kuuma n'kuyenda bwino, koma m'mapulagi mwake mumatsala chinyezi chimene chimabala dzimbiri lobiriwira pang'onopang'ono, n'kudzaonekera patapita miyezi, mwinanso chaka. Amakaniko a zamagetsi amaliza injini, kuyatsa AC, n'kumagwedeza mawaya limodzilimodzi, khutu lili ku kilatchi. Ndi ntchito yotopetsa, yosaoneka ulemerero, koma njira ina yachidule palibe.

Nanga gasi sachepa? Amachepa ndithu, ndipo naye ali ndi zizindikiro zake. Kilatchi imamveka ikugwira ndi kutaya pafupipafupi, masekondi ochepa okha. Potulukira mpweya pena pamazizira kuposa pena. M'mawa mozizira kompuresa imakana kudzuka chifukwa puresha yatsika kupyola podulira, dzuwa likakwera n'kuvomera. Koma gasi wochepa ndiye kuti pena pake pali potulukira: kamphira kouma polumikizira mapaipi, kondensa yolasidwa ndi mwala, kapena chotsekera cha pa shafiti ya kompuresa. Poti gasi amayenda limodzi ndi oyilo, pobowoka pamakhala kachizindikiro konyowa komatirira fumbi. Thovu la sopo limaulula mabowo akuluakulu, ndipo utoto wowala pa nyali yapadera umaulula ang'onoang'ono. Bowo likatsekedwa, ntchito yolongosoka imafuna kupopa mpweya wonse ndi pampu kwa theka la ola kapena kupitirira, kudikira kuona ngati singano ya geji siikusuntha, kenaka kuthira gasi woyezedwa pa sikelo molingana ndi nambala yolembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa boneti. Kuthira mongomvera ndi dzanja pa paipi, ati mpaka izizire, n'kumene kumadzaza gasi wopyola muyezo, ndipo AC yokhuta kwambiri imasiyasiya mofanana ndi yanjala.

Apa mpamene mwambi wa nkhono umafunika mnzake woupondereza, poti kudekha kwina ndi ulesi wovala jekete. Zengerezu analinda kwawukwawu. Kompuresa imadalira oyilo amene gasi amamubweretsera pozungulira. Yoyendetsedwa miyezi ndi gasi wochepa imadzidya m'kati, tizitsulo take n'kumwazikira m'mapaipi, mu kondensa ndi pa kabowo kaja. Zikafika apo kusintha kompuresa yokha sikukwanira, chifukwa yatsopanoyo imameza zinyalala za inzake n'kufa imfa yomweyo. Kudekha kumene mwambi ukunena ndi kwa munthu amene maso ake ali pa nkhono. Wongotsegula mawindo n'kumati tidzaona mwezi ukatha sakuyang'ana kanthu.

Chimene chimavuta mu mzinda uno n'choti kuyang'anitsitsa kulibe mtengo wodziwika. Kasitomala amalipira mosanyinyirika chinthu chimene wachiona ndi maso: botolo la gasi, kompuresa yochokera m'sitolo za masipeya ku Limbe, kapena yogwirapo kale ntchito ya ku msika wa Ndirande. Koma ola lathunthu limene makaniko wakhala m'galimoto yoima padzuwa, mageji ali pa paipi, kudikira kuti vuto lidzionetse, ambiri saliwerengera ngati ntchito. Akanena kuti, "Mayi, isiyeni galimotoyi ndiyende nayo masana," mwini wake amaganiza za mafuta ake, makamaka amene anagonapo pa mizere ya pa filling station, n'kukayikiranso kuti mwina akufuna kukanyamulira matola. Mapeto ake makaniko wochotsa kawashala amalandira zochepa kuposa mnzake wosintha kompuresa yonse, chonsecho woyambayo ndiye wagwira ntchito yaluso. Kale kusinthasintha masipeya mongoyerekeza kunkapiririka. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera ku Johannesburg, Dubai kapena Dar es Salaam chinakwera mtengo, ndipo kulakwitsa kamodzi kumatha kudya malipiro a mwezi.

Mboni yoyamba pa mlandu umenewu ndi woyendetsa, chifukwa ndiye amakhalapo nkhono ikatulutsa maso. Akafika pa galaja ndi mawu oti "imangosiyasiya," wabweretsa zochepa. Wina amafika atasunga mumtima zinthu zingapo: inasiya ali chiimire kapena akuthamanga, patapita nthawi yotani chinyamukire, mphepo inachepa kapena inafunda, kanyali ka pa batani la AC kanali koyaka kapena kankaphethira. Pa ma Toyota ambiri kuphethira kumeneko kumatanthauza kuti kompyuta yaona kompuresa ikuzungulira mosagwirizana ndi injini, monga zimakhalira lamba akamaterereka. Wolimba mtima amaima pambali pa msewu nthawi yomweyo, kutsegula boneti injini ikulira, n'kujambula ndi foni kwa theka la mphindi: kambale ka pa kompuresa kakuzungulira kodi, fani ikupota kodi, paipi yonenepa yachita thukuta kapena yayera ndi chisanu. Kakanema kotere kamafupikitsa ntchito ya masiku awiri kukhala ya ola limodzi, ndipo kamateteza onse awiri ku kukayikirana.

Gasi wothiridwa pachabe ali ndi mtengo winanso umene sulembedwa pa lisiti. Galimoto zakale zinkagwiritsa ntchito R12, amene anapezeka kuti akuwononga mpweya wa ozone wotchinga cheza choopsa cha dzuwa, ndipo mayiko anagwirizana ku Montreal mu 1987 zoti ayambe kumuchepetsa. M'zaka za m'ma 1990 opanga galimoto anasamukira ku R134a. Ameneyu ozone saikhudza, koma kilogalamu yake imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide. Magalamu 400 ofwetsedwera m'mwamba kuseri kwa galaja akufanana ndi utsi wa malita pafupifupi 250 a petulo. Mu Okutobala 2016 mayiko anakumananso ku Kigali n'kugwirizana zochepetsa gasi wa mtundu umenewu, ndipo Malawi ali m'gulu la ovomereza. Ku Ulaya galimoto zatsopano zinaletsedwa R134a kuyambira 2017, zambiri n'kutengera R1234yf, wokwera mtengo kwambiri, amene ayamba kufika kuno m'galimoto za zaka zaposachedwa. Awiriwa sasakanizidwa, ndipo polumikizira paipi anapapanga mosiyana dala.

Gasi akadula, achinyengo amapezerapo mpata. Gasi wa m'mafiriji a m'nyumba, R600a, amayaka moto, ndipo R22 wa ma AC a m'maofesi ali ndi puresha yoposa imene mapaipi a galimoto anapangidwira. Mu 2011 makontena oziziritsa katundu anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil n'kupha anthu, atathiridwa gasi wachinyengo wosakaniza ndi R40, amene amadya aluminiyamu ya m'kompuresa. Botolo lopanda dzina lodalirika, lotchipa modabwitsa, liyenera kufunsidwa kumene lachokera.

Pamsewu pachulukanso ma Aqua ndi ma Prius, ndipo amenewa asintha kafufuzidwe. Kompuresa yawo ilibe lamba kapena kilatchi yoti munthu aigunde. Ndi yamagetsi, yodya kuchokera ku batire lalikulu la mavoti oposa 100 kudzera m'mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje, amene sagwiridwa mwachisawawa. Oyilo wake ndi wapadera, wosadutsa magetsi, wotchedwa ND-11. Paipi yothirira imene yangochoka pa Probox, ikadali ndi oyilo wamba m'kati, ikhoza kuipitsa kompuresa yotere mpaka kompyuta kukana kuiyatsa. Ubwino wake ngwoti galimoto zoterezi zimasunga zokha mbiri ya zimene zinalakwika, ndipo kamakina kolumikiza kunsi kwa chiwongolero kamaiwerenga. Komabe nambala yotuluka pa kamakinako imangotchula dera limene vuto linaonekera. Ikanena za kachipangizo koyeza puresha, sinanene ngati kafa, kapena waya wake wadyeka, kapena kakunena zoona zokhudza fani yakufa. Kusankha pakati pa zitatuzi kumatsalirabe munthu.

Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Soche ndi Ndirande, madandaulo a AC amatha m'magalaja. Kilatchi yotopa imagwira bwino m'nyengo yozizira, fani yakufa sisowedwa, ndipo eni galimoto amaiwala. Ambiri sayatsanso AC mpaka Sepitembala, osadziwa kuti timphira ta m'mapaipi timauma tikasowa oyilo, ndi kuti AC ndiyo imafulumira kuchotsa nthunzi pa galasi la kutsogolo m'mawa wa nkhungu, popeza imaumitsa mpweya. Kuiyatsa mphindi 10 pa sabata kumakwanira kuti oyilo azungulire.

Amakaniko ena sadikira kuti dzuwa libwerere. Anaphunzira kuitana kutentha. Relay yokayikitsa amaiwomba ndi mpweya wotentha wa choumitsira tsitsi n'kumvetsera ngati itaye. Galimoto ya kilatchi yokayikitsa amaisiya ikulira boneti ili yotseka mpaka zonse za m'kati zitatentha, kenaka n'kuzimitsa ndi kuyatsa AC kangapo motsatizana. Pofuna kuyesa fani amatchinga kondensa ndi katoni, kulumikiza mageji, mmodzi ali pa chiwongolero wokonzeka kuzimitsa, wina maso ali pa singano imene ikukwera. Fani yamoyo imadzuka kapena kuonjeza liwiro singano isanafike patali. Ikangoti duu mpaka kompuresa kudzidula yokha, katoni amaichotsa msanga, ndipo mota ya faniyo imatumizidwa kukaikidwa mabulashi atsopano mu Juni momwemo, mzere wa pa galaja usanayambe.